Pakhomo Pathu Palibe Galimoto

M'mudzi mwathu, pakati pa Nsaru ndi Kabudula, mukawerenga mabanja amene ali ndi galimoto simumaliza zala za dzanja limodzi. Ife sitili m'gulu limenelo, ndipo sitinakhalemo n'kale lomwe. Pa zaka 26 za banja lathu tayenda wapansi, pa njinga yakapalasa, pa ngolo yobwereka, pa matola, m'minibasi, ndipo masiku ano pa kabaza wa njinga yamoto. Ana asanu anabadwa, anapita kusikelo, analemba mayeso, wina anakwatiwa, koma sitinagwirepo kiyi wa galimoto yathuyathu. Tikulemba izi chifukwa malangizo ambiri a zaumoyo amene timawerenga amaoneka kuti analembedwera munthu wa ku Area 47, amene amafunika kumukumbutsa kuti asiyeko galimoto pakhomo n'kuyendako pansi. Nanga ife amene tilibe choti n'kusiya pakhomo?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo mwana wa sukulu mphindi 60 pa tsiku. Mawu amenewa atawerengedwa pa msonkhano wa amayi a Dorika kwathu kuno, anthu anaseka mpaka kugwirana m'mapewa. Mayi amene amapita kumjigo katatu pa tsiku, kudimba m'mawa ndi kuchigayo masana, mphindi 150 amazimaliza Lachiwiri lisanathe. Mzime wathu amayenda makilomita anayi kupita kusukulu, anayinso pobwera, mvula kaya dzuwa.

Koma kusekako kusatipusitse. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse magazi ake amathamanga kwambiri. Sanali a m'tauni okha ayi, akumudzi analimonso, ndipo ambiri sankadziwa. Ndiye kuti miyendo payokha sitchinjiriza chilichonse ngati mchere ukuchuluka m'ndiwo ndipo munthu sanayezetsepo. Komanso kuyenda kuli mitundumitundu. Kuyenda mwachangu, msana uli chilili, manja akugwedezeka, kumalimbitsa mtima. Kuyenda utasenza thumba la chimanga pamutu mu Febuluwale, m'mimba muli phala lokha la m'mawa, kumangothyola khosi ndi msana. Amene amatama moyo wakumudzi ali pa sofa aziyamba asiyanitsa ziwirizi.

Kuti mumvetse mayendedwe athu, yang'anani wilo la njinga. Masipoko onse amaloza pakati. Misewu yathu ilinso chimodzimodzi: yabwinoyo yonse imaloza ku Lilongwe. Msewu wa M12 umachoka m'tauni, kudutsa pa Chitedze, Mpingu, Msundwe ndi Namitete mpaka ku Mchinji, ndipo pa msewu umenewo minibasi sizisowa. Ifenso kuno tikafuna kupita m'tauni chokwera chimapezeka. Vuto limabwera pamene ukufuna kuchoka pa sipoko imodzi kupita pa inzake. Mwana wathu wamkazi anakwatiwa chakufupi ndi Namitete, ndipo abale a kuchikazi ali mbali ya Nambuma. Mbalame itauluka kuchoka pakhomo pathu kupita kumalo awiriwa singatope. Koma munthu wofuna kukafika pa minibasi amayamba walowa m'tauni, kutsika, kufunafuna ina, kulipiranso kachiwiri, tsiku n'kuthera panjira. Njira zachidule zilipo, koma ndi zafumbi, zodutsa m'madambo ndi pa timilatho ta mitengo. Kumeneko mfumu ndi njinga.

Njinga yathu yakale tinaigula chaka chimene wachisamba wathu anabadwa. Chimene chatsala cha njinga yoyambayo mwina ndi felemu yokha, chifukwa malimu, chishalo, mapedulo, tcheni ndi kaliyala zonse zinasinthidwa, zina kangapo. Yanyamula matumba a soya ndi mtedza kupita ku Nsaru, feteleza, malata atatuatatu, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi ana onse asanu pamene malungo anawagwira. Ife fodya sitilima, choncho ndalama yaikulu ya kamodzi imene anzathu amalandira m'miyezi ya Meyi ndi Juni sitiidziwa. Zathu zimabwera pang'onopang'ono, ndipo njinga ndi chokwera chimene chimagwirizana ndi ndalama zotere. Simwa petulo. Ikadwala, sing'anga wake ali pansi pa mtengo pamsika uliwonse, ndipo mankhwala ake ndi chigamba, sulushoni ndi sipoko imodzi kapena ziwiri.

Pa zaka zonsezi taona kuti njinga imaphedwa ndi zinthu zing'onozing'ono. Tayala lopanda mpweya wokwanira limadya chubu ndi limu, komanso limadya mawondo a wopalasa. Tcheni youma imalira kaye masabata angapo isanaduke, ndipo imakonda kudukira pakati pa dambo dzuwa likulowa. Timaitsuka ndi kansanza n'kuidontheza oilo, makamaka m'dzinja pamene matope amalowa paliponse. Chishalo chikatsika kwambiri mawondo amapweteka. Chiyenera kukwera mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi. Mabuleki ndiye nkhani ina. Anyamata ambiri amayenda opanda mabuleki n'kumaimitsa njinga ndi chidendene pa tayala, ndipo amanyadira luso limeneli. Luso lotere limatha tsiku limene wanyamula matumba awiri a makilogalamu 50 pamalo otsetsereka, kutsogolo kukubwera ngolo. Njinga za Buffalo zimene zafala masiku ano zili ndi kaliyala yopirira makilogalamu 100, koma kaliyala yolimba siimitsa njinga.

Pali ngozi ina imene sitiimva ikutchulidwa pa wailesi, koma mayi aliyense wa kuno amaidziwa: chidendene cha mwana kulowa m'masipoko. Mwana wokhala pa kaliyala akasinza miyendo imalendewera, ndipo wilo limasenda khungu mpaka fupa kuonekera. Bala lake limachedwa kupola. Ife tinawotcheretsa tizitsulo topondapo mbali zonse ziwiri, monga amachitira akabaza, ndipo mwana sakwera wopanda nsapato. Chitenje cha amayi nachonso chimafunika kuchipinda bwino chisanakumane ndi tcheni. Kale mayi wopalasa njinga ankamuyang'ana ndi diso lachilendo. Lero amayi a kuno amapalasa mwana ali kumbuyo, dengu la tomato lili pa kaliyala, ndipo palibe amene amatembenuka.

Za minibasi sitingathe kuzinena zonse, ndipo owerenga ambiri amazidziwa okha. Akuluakulu amakumbukirabe mabasi a UTM, amene ankanyamuka nthawi yake ikakwana, kaya mwadzaza kaya ayi. Minibasi ilibe wotchi. Imanyamuka ikadzaza, ndipo woitanira akamakuwa kuti watsala mmodzi, dziwani kuti ena mwa amene akhala m'katimo si apaulendo, ndi anzake amene adzatsika inu mukangolipira. Mpando wa anthu atatu pamakhala anayi. Pakati pa ulendo mukhoza kugulitsidwa kwa minibasi ina ngati mbuzi. Taphunzira kunyamuka m'mamawa, kufunsa mtengo tisanakwere, kukhala ndi ndalama zosinthasintha, ndi kusakwera ngati dalaivala akununkha mowa, ngakhale kondakitala atatinyoza. Timalimbikiranso kutsegula windo. Anthu 18 m'kagalimoto kotseka, wina akutsokomola, ndi njira yosavuta yotengera chimfine ngakhalenso TB. Mu Juni anthu amadandaula kuti kukuzizira, koma ife timalolera mphepo. M'chikwama mumakhala botolo la madzi, mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi nthochi, kuti pa siteji tisakopeke ndi tchipisi cha mafuta obwerezabwereza ndi zakumwa za shuga. Amayi ambiri samwa madzi tsiku la ulendo poopa kusowa kodzithandizira, kenako amabwera mutu ukuwawa. Kuli bwino kumwa pang'onopang'ono n'kulipira kachimbudzi ka pa depoti.

Mtengo wa minibasi umatsata mtengo wa mafuta, ndipo mafuta amatsata kwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wa m'tauni unasanduka nkhani yokambirana pabanja usiku, osati yongodzuka n'kupita. Chakumapeto kwa 2024, mafuta atasowa ndipo magalimoto akugona pamizere, tinaona njinga zimene zinapachikidwa kudenga zikutsitsidwa. Okonza njinga pa Nsaru sankapuma. M'masabata amenewo ife opanda galimoto tinali ngati olemera, ngakhale kuti mchere ndi sopo zinatikwereranso tonse mofanana.

Tsopano tifike pa nkhani imene yatisowetsa tulo chaka chino. Pa zaka khumi zapitazi njinga zamoto zadzaza paliponse. Palibe mphambano yopanda anyamata atatu kapena anayi okhala pa njinga zawo, akudikira wokwera. Zathandiza, zimenezo sitikana. Ulendo umene unkatenga maola awiri tsopano ndi wa mphindi 20. Koma walira mvula walira matope. Mtunda umene tinkayenda wapansi osaganizako, lero mnyamata wa zaka 20 amaukwerera kabaza, n'kulipira ndalama imene ikanagula sopo. Ndipo mwana wa mlamu wathu atathyoka mwendo, tinakamuona ku chipatala cha mafupa cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023 pafupi ndi Kamuzu Central. Titafunsa oyandikana naye mabedi chimene chinawabweretsa, yankho linali limodzimodzi pafupifupi bedi lililonse. WHO imati chaka chilichonse anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu pa dziko lonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kunena kwina, ndi anthu ngati ife.

Mnyamata wathu wachiwiri ali ndi zaka 22. Anamaliza Folomu 4, ntchito sanaipeze, ndipo soya wa chaka chatha analima ndi iye kuposa wina aliyense. Titagulitsa anadikira tidye kaye, kenako anakhala pansi pafupi ndi khomo n'kunena kuti, "Bambo, amayi, ndili ndi pempho. Ndalama imeneyi tiwonjezere pang'ono tigule njinga yamoto. Ndizibweretsa kenakake tsiku lililonse, simudzagulanso mchere ndi ndalama ya mbewu."

Tinamufunsa za laisensi, anati anzake onse alibe. Tinamufunsa za helemeti, anati imatentha, ndipo okwera amakana kuvala chipewa chimene chavalidwa ndi anthu ena. Tinamukumbutsa za anyamata akabaza amene amabwerekedwa usiku ndi anthu ooneka aulemu, m'mawa n'kupezeka ali m'tchire njinga itapita. Tinamufunsanso kuti adzatani Lachisanu dzuwa likalowa, popeza tsiku limene ife timapuma ndi limene akabaza amapeza ndalama zambiri, pa maukwati ndi pa misika. Anayankha zonse modekha, zina mokhutiritsa, zina ayi. Kenako anati, "Nanga agogo aja, usiku uja, akanapanda kabaza zikanatha bwanji?"

Apa tinakhala chete, chifukwa ankanena zoona. Agogo ake, amene amakhala nafe, amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uliwonse timawatengera ku Kabudula pa njinga yoikidwa khushoni. Usiku wina mu Ogasiti anadzuka pakamwa patapotoka, dzanja limodzi lili lende, mawu sakumveka. Alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kuti zizindikiro zimenezi ndi za sitiroko ndipo sizidikira kuti kuche. Ngolo ikanapezeka, koma kukoka ng'ombe m'khola, kumanga goli, n'kuyenda liwiro losaposa la munthu wapansi, kukanatenga maola. Pa njinga yakapalasa munthu wosatha kudzigwira sakhazikika. Amene anatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza wa mudzi woyandikana nawo. Agogo anakhala pakati, mnyamata wathu kumbuyo atawakumbatira, ife tikutsatira pa njinga ndi tochi ya pafoni. Lero akuyenda ndi ndodo, akulankhula, akukalipira adzukulu.

Amene amalemba zotamanda moyo wopanda galimoto kawirikawiri amalemba masana. Masana miyendo ndi njinga zimakwanira pafupifupi chilichonse. Usiku, m'dzinja, mlatho utakokoloka, munthu akubuula pamphasa, nkhani imakhala ina. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo banja lopanda galimoto liyenera kukonzeratu ulendo wa usikuwo kukadali kowala.

Mwana wathu wamkazi atayembekezera koyamba tinachita zimenezi. Mwezi wachisanu ndi chinayi utangoyamba anachoka pakhomo pa apongozi ake n'kukadikira kufupi ndi chipatala cha St Gabriel's ku Namitondo, chimene masisitere a Chikatolika ochokera ku Luxembourg anayambitsa mu 1959. Ena ankati n'kutaya nthawi, munda ukudikira. Koma kuchidikiro mayi amayenda wapansi mphindi zochepa kupita kwa anamwino, m'malo mogwedezeka pa ngolo usiku wonse. Amayi ake anapita kukamudikirira, ndipo ulendo wake unali wa njinga ziwiri, yathu ndi yobwereka, kudzera njira zachidule: ufa, nyemba, mapoto, beseni, mtolo wa nkhuni, zonse zomangidwa ndi malegeni. Tinanyamuka tambala woyamba atalira. Tinapuma kawiri, tinakankha njinga pamchenga katatu, tinamata chubu kamodzi, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu. Kudzera m'tauni pa minibasi, nkhunizo akanatilipiritsa ngati munthu.

Paulendo umenewo tinapalasako pang'ono pa M12, ndipo pamenepo m'pamene munthu amadziwa kuti msewu wa tala sanamangire iye. M'mphepete phula linadyeka, malole opita ku malire a Zambia amadutsa mphepo yake n'kukukankha, ndipo a njinga za nkhuni ndi makala, amene amalawirira m'bandakucha kupita m'tauni, amayenda katundu atatalika kuposa mutu wawo, osaona kumbuyo. Ana athu tinawaphunzitsa kuti poyenda wapansi azikhala kudzanja lamanja, kuti galimoto yobwera aziyiona ndi maso, popeza magalimoto kwathu kuno amayenda kumanzere. Pa njinga aziyenda kumanzere, ndipo lole ikaliza hutala atsike m'fumbi osachita makani. Madzulo avale chovala chowala. Chonyezimira chofiira chakumbuyo kwa njinga mtengo wake sufika pa botolo la mafuta ophikira, koma njinga zambiri za kuno zilibe. Dalaivala amene wathobwa m'maso ndi magetsi a mnzake saona munthu wovala jekete lakuda mpaka atamugunda.

Kusowa galimoto kumalamuliranso mmene sabata yathu imayendera. Ulendo wa m'tauni sitiuika Lachisanu, chifukwa minibasi imene ilibe wotchi singakulonjeze kuti ukafika dzuwa lisanalowe. Kuchigayo timapita Lachinayi. Lachisanu masana njinga imapopedwa n'kutsukidwa pamodzi ndi nsapato. Kutchalitchi ndi makilomita atatu, ndipo timayenda wapansi tonse kupatula agogo, amene amakwezedwa. Ulendo umenewu ndi wokhawo pa sabata yonse umene timayenda opanda katundu pamutu ndi opanda changu, ndipo nkhani zambiri za ana athu, zimene sakananena pakhomo, tinazimvera panjira imeneyi. Nkhani ya mnyamata wofuna kufunsira mwana wathu wamkazi inatulukira pa dambo lachiwiri.

Pempho la mnyamata wathu tinalisunga masabata atatu. Tinafunsa amalume ake, amene amakonza njinga pamsika, ndipo iwo anati ndalama ya kabaza imaoneka yambiri madzulo, koma ukachotsa petulo, oilo, matayala ndi tsiku limene njinga yagwidwa chifukwa chosowa mapepala, yotsala ndi yochepa, makamaka tsopano pamene pa siteji imodzi pali njinga khumi. Tinafunsanso mnyamata amene ananyamula agogo uja. Iye anati njinga yake inamumangira nyumba ya malata, ndipo anatisonyezanso chipsera chapamwendo.

Pomaliza tinagawa ndalamayo patatu. Gawo loyamba tinagula njinga yakapalasa yachiwiri, kuti wina akapita kumsika pakhomo pasakhale popanda chokwera. Gawo lachiwiri tinaika mu envulopu imene sitiitsegula ngakhale mchere utatha, yolipirira ulendo wa usiku. Pakhoma pafupi ndi kalendala tinalemba manambala a foni a akabaza atatu amene timawadziwa kuti samwa ndipo amadzuka akaitanidwa, ndipo foni imodzi imagona ili ndi moto ndi mayunitsi. Ku banki m'khonde ya amayi tinapemphanso kuti thumba la zadzidzidzi lizibwereketsa ndalama ya mayendedwe a odwala popanda chiwongoladzanja, ndipo anavomera. Gawo lachitatu tinapatsa mnyamatayo kuti ayambe kutsata za laisensi. Tinamuuza kuti akaipeza, n'kugula mahelemeti awiri ndi ndalama yakeyake, n'kulonjeza kuti sadzanyamula munthu wosamudziwa usiku, tidzakhalanso pansi tikakolola.

Sanakondwe, ndipo sanabise. Masiku awiri ankangoyankha kuti "chabwino, bambo" ndi "ndamva, amayi". Pano tsiku la msika amapita ndi amalume ake pansi pa mtengo paja, ndipo waphunzira kuwongola limu ndi kumanga masipoko. Helemeti imodzi wagula kale, yakaunjika, ili pamsomali kuchipinda kwake. Soya wa chaka chino wayamba kuchita maluwa, ndipo tamuona kawiri akuwerenga mizere.